Ndinkadziyeza pa Sikelo ya Tiyi

Ndinachedwa kuyamba ma ARV, ndipo palibe amene anandichedwetsa. Ndinadzichedwetsa ndekha.

Ndinali wothyola tiyi ku esiteti ina kuno ku Thyolo. Tsiku limene anatipeza ndi kachilombo ka HIV, ine ndi akazi anga, a nesi anati tiyambe mankhwala tsiku lomwelo. Akazi anga anayambadi. Ine ndinaseka chamumtima. Ndinkakumbukira achimwene anga a ku Khwethemule, amene kale achipatala anawauza kuti adikire chitetezo cha m'thupi chitsike kaye. Sindinafunse n'komwe ngati malangizo aja anasintha. Botolo ndinalandira ndi manja awiri, n'kukalisomeka kudenga.

Inu owerenga, dokotala wanga anali sikelo yoyezera masamba. Tikamaliza kuyezetsa tiyi, ndinkagwira ngowe ya sikeloyo n'kulendewera, miyendo m'mwamba. Anzanga ankafa ndi chiseko. A kapitawo ankati, “Tsikanipo apo bambo inu, si inu tiyi.” Onsewo ankaona masewera, ine maso anali pa muvi wa sikeloyo. Ukaima pomwe unaima sabata yatha, ndinkati ndikadali bwino, mankhwala ndi a anthu owonda. Akazi anga anandiuzapo kuti, “Bambo a Chisomo, sikelo siona magazi.” Ndinawayankha kuti ayang'ane zawo.

Mvula inabwera n'kupita kangapo. Kenako mutu unayamba kuwawa osaleka, khosi n'kuuma. Ndinagwa pakati pa mizere ya tiyi, dengu lili kumsana. Kuchipatala anati ndi matenda oumitsa khosi, amene amalowa chitetezo chikatheratu. Ananena kuti kachilomboka kamagwira ntchito yake munthu akuoneka wonenepa. Moyo anaupulumutsa, koma maso anapita.

Sindinalire. Mpaka lero sindikudziwa kuti ndikumva chiyani. Ndimakhala pakhonde, kumva anzanga akudutsa m'mawa ndi madengu awo. Wothyola tiyi amafunika kuona masamba awiri ndi nsonga, ine sindiona ngakhale nkhope ya mwana wanga Chisomo. Akazi anga akuthyolabe, sanagonepo m'chipatala.

Inu owerenga, mukapezeka ndi kachilomboka, yambani mankhwala pomwe achipatala akuuzani. Musadikire kuwonda, musatengere zomwe anauzidwa abale anu kale. Ine tsopano ndimamwa tsiku lililonse, akazi anga amandiikira m'manja. Thupi labwerera. Nditalendewera pa sikelo ija lero, muvi ungaime pamalo pake pomwe paja, koma wina ndiye angandiwerengere.