Ndevu za Wagdi ndi Asilikali Makumi Anayi

Ku Shubra konse, mu mzinda wa Cairo, palibe munthu wa manja aluso ngati Wagdi Henein, ndipo palibenso munthu wotopetsa ngati yemweyo. Ntchito yake ndi youmba mano oikirira. Mano ake ndi olimba moti anthu amati nkhalamba ina ya ku Rod el-Farag itaikidwa m'manda, mano a Wagdi anapitiriza kukukuta mtedza kwa masiku atatu. Koma mukamufunsa mwini wakeyo kuti amachita chiyani pa moyo wake, amayamba wapotokola ndevu zake za pamlomo, zakuda bii, zokhotera m'mwamba ngati nyanga za njati, kenako nkuyankha kuti, "Ndili ndi gulu la nkhondo."

Gulu la nkhondolo limagona m'bokosi la nsapato. Ndi asilikali makumi anayi a pulasitiki, aliyense wamtali ngati chala chachikulu cha kudzanja, omenya nkhondo zimene akuti zidzachitikira kuseri kwa nyenyezi zaka zikwizikwi zikubwerazo. Amagulidwa ali zidutswazidutswa, mutu pawokha, mkono pawokha, mfuti payokha. Munthu amadula, kupala ndi kampeni, kumata ndi guluu, kenako nkupenta. Lachisanu lililonse masana, amuna akuluakulu ndi mimba zawo, ena oti ali ndi zidzukulu, amakumana m'chipinda cha kuseri kwa sitolo ya a Haji Tharwat ku Dokki. Amandandalika asilikaliwo pa thebulo, kuyeza mitunda ndi tepi, kuponya madayisi, nkumakangana mpaka tiyi kuzizira kuti kaya msilikali wobisala kuseri kwa khoma la katoni akuoneka kapena ayi.

Vuto la Wagdi linali limodzi: kusamaliza. Pa zaka khumi ndi chimodzi anali atapenta asilikali atatu okha. Diso limodzi la msilikali, kadontho koti nyerere ikhoza kumeza osatsamwa, linkamudyera mlungu wathunthu. Akamaliza ankalisuzumira pa galasi lokulitsa, nkunena kuti likuoneka ngati la munthu wodwala chimfine, nkulifufuta, nkuyambiranso. Choncho gulu lake linkafika pa thebulo lili mbuu, mtundu wa pulasitiki womwe linabadwa nawo. Raouf, mnzake wa kusukulu amene amagulitsa matayala, ndiye anamupatsa dzina loti Jenerale Phulusa. Raoufyo amapenta ngati akupaka laimu pa khoma la chimbudzi, gulu lonse tsiku limodzi, koma kumaliza amamaliza.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni a Haji Tharwat anagogoda pa thebulo ndi supuni ya tiyi.

"Tamverani ana anga. Pa mpikisano waukulu wa mu Epulo, msilikali aliyense azioneka mitundu itatu. Wopanda mitundu itatu sakwera pa thebulo langa. Ndatopa kuonetsa alendo phulusa."

Mitu yonse inatembenukira kwa Wagdi.

"Pepani a Jenerale," anatero Raouf. "Musadandaule, muzidzatithirira tiyi."

"Iwe wa matayala, ungandiuze chiyani? Asilikali ako maso ali pachipumi. Uyo wanyamula mbenderayo diso lili pakhutu!"

"Koma akuona, aise. Akowo anabadwa akhungu."

Wagdi anaimirira, mpando nkugwera kumbuyo. Anagwira ndevu zake ndi zala ziwiri. "Ndikulumbira pa ndevu izi. Mu Epulo ndibwera nawo onse makumi anayi, mitundu itatu aliyense. Ndikalephera mudzandimete pomwe pano, anthu akuona."

Mwamuna akalumbira atagwira ndevu, palibenso zoti ndimangocheza. A Haji analemba pa kalendala. Lachisanu lotsatira Raouf anabwera ndi lezala, nkulipachika pa msomali pamwamba pa chitseko, pamalo oti Wagdi azilipatsa moni polowa ndi potuluka.

Amene anavutika pa miyezi khumi yotsatirayo ndi Sawsan, mkazi wake, mphunzitsi wa masamu, munthu wopirira kuposa ngamila. Thebulo lodyera linasanduka bwalo la nkhondo, banja nkumadyera pa maondo. Tsiku lina anapeza mutu wa msilikali ukuyandama m'therere la denje. Ndiye Wagdi, pa mitundu yonse imene Mulungu analenga, anasankha woyera. Akuti asilikali ake ndi a kudziko la madzi oundana, pomwe iye madzi oundana anangowaonapo mufiriji. Penti woyera ndiye wovuta kuposa onse: umapaka kasanu ndi kawiri, wopyapyala, asanagwire. Zovala zachitsulo zoyera, maso abuluu, mzere wofiira pamfuti. Posongola kaburashi ankakanyambita, monga amachitira opentawa, moti milomo yake inasanduka yabuluu, mpaka abambo mfumu a kutchalitchi anamukokera pambali nkumufunsa ngati anakapimitsa mtima.

Koma zodabwitsa zimachitika. Lachitatu, kutatsala masiku awiri, msilikali wa makumi anayi anauma. Onse anali mbee, okongola moti ntchentche inkati ikafika pafupi, inkabwerera kukasamba kaye mapazi. Chinatsala ndi chimodzi: kuwapopera vanishi kuti penti asasupuke pogwiragwira.

"M'nyumba muno ayi," anatero Sawsan Lachinayi m'mawa. "Chaka chatha munapopera kukhitchini, buledi ananunkha mwezi wathunthu, mphaka nkumayenda chambuyo."

"Ndikapopera padenga."

"Lero?"

Sawsan anali atanyamula zochapa zosauma bwino zimene anangozianula kumene. Mazenera onse anali atatseka, m'munsi mwake atatsindira matawulo onyowa.

"Bambo a Dalia, mwayang'ana kumwamba? Mayi aliyense mumsewu muno waanula zovala. Ngakhale nkhunda za a neba sizinatuluke. Khamsini ikubwera, chimphepo cha mchenga chija."

"Foni ikuti mawa."

"Foniyo inayanikapo zovala?"

"Mayi a Dalia, ndi theka la ola basi. Mphepo yomwe yadikira chaka chonse ingalephere kudikira theka la ola?"

"Ndiye mwatengeranji thireyi yanga yophikira keke ya basbusa?"

Wagdi anali atafika kale pa masitepe. Padenga panali bata, kotentha ngati m'kamwa mwa uvuni. Anandandalika asilikali m'thireyi, mizere isanu, anakhutchumula chitini cha vanishi, nkupopera. Anayang'ana, nkuona ngati wachepa. Anapoperanso, pakuti Wagdi ndi Wagdi. Asilikali aja ananyowa chee, akunyezimira. Iye anatsika kukamwa tiyi, akuimba mluzu.

Tiyi asanafike pakati, kuwala kwa pazenera kunasanduka kwachikasu. Kenako kunakhala ngati msuzi wa mphodza. Zitseko za nyumba yonse zinayamba kumenyetseka. Wagdi anakwera nsanjika zisanu ndi imodzi ngati mbuzi yothawa mpeni, patapata mmodzi nkutsala panjira. Padenga sankatha kuona ngakhale dzanja lake. Chipululu chonse chinali chitasamukira ku Shubra, ndipo pa madenga onse a mu Cairo chinasankha kufikira m'thireyi ya Sawsan.

Atabwera nayo m'nyumba, anaiika pa thebulo. Munali tinthu makumi anayi tofanana ndi nsomba zogubuduza mu ufa, tongodikira mafuta. Mchenga unali utamatirira mu vanishi, vanishi atauma gwa. Panalibe zoyera, panalibe zabuluu kapena zofiira. Mtundu unali umodzi.

"Miyezi khumi," anatero Wagdi, mchenga ukukukutika m'mano. "Kasanu ndi kawiri aliyense!"

"Sindinena kanthu," anatero Sawsan.

"Mukunena. Nkhope yanu ikunena."

Anayesa madzi, ayi. Anayesa mswachi, mswachi ndi umene unatha. Anagwira ndevu zake ngati munthu wotsanzikana ndi m'bale wake pa siteshoni. M'maganizo mwake lezala la pa msomali lija linali litakula ngati chikwanje.

"Lamulo likuti chiyani kwenikweni?" anafunsa Sawsan.

"Mitundu itatu."

"Mchenga si mtundu?"

"Mchenga ndi tsoka!"

"Tsoka lachikasu. Umenewo ndi umodzi. Maso ali pansi pakepo, mzere wofiira uli pansi pakepo. Nanga zitsulo zanu zotokosera mano ntchito yake nchiyani?"

Wagdi anatenga kachitsulo kosongoka, nkuyamba kufukula diso la msilikali woyamba. Linatuluka, labuluu, likumuyang'ana mokwiya. Koma msilikali mmodziyo anamudyera ola lathunthu, chifukwa ankati chikope sichikuoneka bwino. Sawsan anawerengetsera mwa uphunzitsi wake nkupeza kuti akatero adzamaliza Loweruka, ndevu zili kale m'bini. Anapita kukhitchini nkubwera ndi kawotchi kake kowiritsira mazira.

"Mphindi khumi aliyense. Kakalira ndikulanda."

"Mayi a Dalia, luso silithamangitsidwa."

"Lezala ndiye limathamanga. Yambani."

Masana onse a Lachinayi ndi m'mawa wa Lachisanu m'nyumbamo munkangomveka ngrii, kenako kukuwa. "Sindinamalize!" "Waona kale ameneyo, bweretsani!" Sawsan ankachita kumusomphola msilikali m'manja, nkumuponyera wina. Pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati wawo sanakanganepo chotero, ndipo Wagdi sanamalizepo zinthu zambiri chotero. Takisi italiza hutala pansi, anali pa msilikali womaliza, atangofukula maso okha. Sawsan anamuponya m'bokosi, nkutseka, nkumukankhira mwamuna wake kunja.

Ku Dokki chipinda chinali chodzaza. Raouf anali atatsitsa kale lezala, akulinola pachikhatho.

"Takulandirani a Jenerale! Madzi ofunda kapena ozizira?"

Wagdi anatsegula bokosi, nkundandalika asilikali ake, iye ataweramitsa mutu. Anthu anayandikira, ena anagwada kuti aone bwino. Asilikali achikasu, okhakhala ngati ayenda m'chipululu zaka zana, timaso tabuluu tikuthwanima m'kati mwa fumbi.

"Mayo ine," anatero mkulu wina wa ku Alexandria amene anabwerera mpikisanowo. "Bwana, zimenezi sindinazionepo. Mchengawu ukungokhala ngati weniweni!"

"Ndi weniweni!" anatero Wagdi.

"Nkona! Mwauika bwanji wofanana chonchi paliponse? Mwagwiritsa ntchito burashi yanji?"

"Awa ndi asilikali a kumadzi oundana! Ndi oyera! Pansi pakepo ndi oyera, kasanu ndi kawiri!"

"Ndi wodzichepetsa," mkuluyo anauza mnzake. "Akatswiri enieni amatero."

A Haji Tharwat anavala magalasi, nkuyamba kuwerenga, mmodzimmodzi. Wachikasu, wabuluu, wofiira. Wachikasu, wabuluu, wofiira. Nkhope ya Raouf inkagwa pang'onopang'ono ngati tayala lobooka. Onse anadutsa, mpaka a Haji anafika pa womaliza uja. Anamutembenuza uku, anamutembenuza uko, anamuyang'ana ndi kumapazi komwe.

"Uyu ali ndi iwiri."

"Khalani pansi a Jenerale!" anakuwa Raouf. "Anati onse! Munamva nonse, anati onse!"

"Haji, chofiiracho chilipo, chili m'kati!"

"Mwana wanga, ngakhale ine tsitsi lilipo, lili m'kati. Lamulo likuti azioneka."

Mkangano unabuka woti unamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Ena amvekere ameteni, ena amvekere mungamete bwanji munthu wopenta chonchi. A Haji anagogodanso supuni.

"Lumbiro ndi lumbiro. Koma analumbirira makumi anayi, ndipo walephera mmodzi. Ndevu tizigawa makumi anayi, Raouf atengepo gawo limodzi."

Anayeza ndi tepi ya masewero ija, Wagdi ali chiimire ngati mtembo. Raouf, akudandaula kuti wanolera lezala miyezi khumi pachabe, anadula kansonga ka kumanzere, kochepa ngati nthanga ya chitowe. Tsiku limenelo Wagdi anagonja masewero onse atatu monga mwa nthawi zonse, koma chikho cha gulu lopentedwa bwino koposa anapatsa iyeyo. Anachilandira nkhope ili ngati wamwa mankhwala a malungo.

Nkhani ikanathera pomwepo akanakhala munthu wina. Koma atafika kunyumba anaima pagalasi, nkuona kuti kumanzere kwafupika. Palibe munthu wina pa dziko lapansi akanaona, koma iye anaona. Anatenga sizasi nkudulako pang'ono kumanja. Tsopano kumanja ndi kumene kunafupika. Anabwerera kumanzere. Anakatenga galasi lokulitsa. Sawsan anaima pakhomo la bafa, kawotchi ka mazira kali m'thumba la epuloni, ndipo ulendo uno sanakatulutse.

Patatha ola Wagdi anatuluka, pamlomo pali see ngati dzira losenda.

"Ooh," anatero Sawsan. "Ndiye pakamwa panu mpotere? Zaka zonsezi ndimangoganizira."

"Bwanji simunandiletse?"

"Luso silithamangitsidwa, bambo a Dalia."

Ndevuzo sanataye. Anazisesera m'kabotolo, anazidula timitolo, anazipaka penti wachikasu, nkuzimata pamapazi a asilikali ake ngati udzu wouma wa m'chipululu. Lachisanu lotsatira Raouf anaseka mlomo wosalalawo mpaka kugwa pampando. Atadzuka anaweramira pa thebulo, nkusuzumira udzuwo nthawi yaitali.

"Aise, zoseka pambali. Udzu uwu unagula kuti? Ndikuufuna."

Wagdi anapititsa zala pamlomo kuti apotokole, nkungogwira mphepo.

"Unatha," anatero. "Dikira chaka chamawa."