A Zebron Loya ndi Mlandu wa Mbiya za Mphini Zitatu

Kwathu kwa Zingalume tinali ndi loya wathu, a Zebron. Sukulu ya uloya anaiphunzira ndi tsache m'manja, akusesa mu ofesi ya loya wa chizungu ku Halale. Anabwerako mu 1953 ndi jekete lothina m'khwapa komanso nzeru imodzi: chizindikiro cha munthu sichibedwa. Ng'ombe yodulidwa khutu, khasu lokhomedwa timadontho ndi wosula, milandu yotere ku bwalo inali yawo. Ya chigololo ankaikana, amvekere ilibe chidindo.

Tsiku lina kunabwera a Selina, mmisiri wa mbiya, atanyamula mapale m'nsalu. Mbiya zawo ankazilemba mizere itatu m'khosi, yofanana ndi mphini za pa tsaya lawo. Tsono kunabuka mbiya zina za mizere yomweyo, zongosweka zikalawa moto, ndipo ogula ankadzataya mapale pakhomo pa a Selina. Dzina lawo linali kuipa. Woumba zinazo anali a Idesi a kwa Mlolo.

Pa bwalo a Zebron anaima, nakoka jekete.

"Chizindikirochi mwini wake amayenda nacho kumaso. Amayi, tatembenukani anthu aone."

A Selina anatembenuka. A Idesi nawo anatembenuza tsaya. Mphini zitatu.

"Achimwene," anatero a Idesi, "ndikasiye kuti nkhope yangayi? Kapena nayonso ndinaba?"

Amayi ena okhala kumbuyo anayamba kuloza masaya awo uku akuseka. Onsewo anatemedwa ndi namkungwi mmodzi pa chinamwali. A Zebron, mwana wa ku mishoni amene alongo ake sanavinidwe, izi sankazidziwa.

"Loya, mutimanga tonse?" anafunsa mayi wina. "Nanga akuphikireni ndani?"

A Zebron anavula jekete, chinthu chimene tinali tisanachionepo. Anaitanitsa dongo laliwisi.

"Chabwino, mphini n'za mudzi wonse. Koma chala aliyense ali ndi chake. Dindani apa nonse awiri."

Chala chachikulu cha a Selina chinasiya dzenje loti nkhuku n'kumweramo. Cha a Idesi chinasiya kakang'ono ngati ka nzama. Bwalo linagamula kuti aliyense azidinda chala pansi pa mizere yake.

"Ndiye zanga adzagula ndani?" anadandaula a Idesi.

"Mumathamangira kuotcha zisanaume, ndiye vuto lanu," anayankha a Selina. "Mubwere kwathu, mudzaone mmene timadikirira. Koma chala mubwere ndi chanu."

Kuyambira pamenepo, wogula mbiya ankayamba walowetsa chala chake m'kadzenje kaja asanafunse mtengo. Chikalowa n'kutsala malo, ankadziwa kuti ndi ya a Selina, ndipo pakhomo pawo sipanatayidwenso phale.