Ignatius wa Njerwa ndi Mvula Yomangidwa

Ignatius wa ku Mpingu anakula ndi dothi m'zikhadabo. Mayi ake anamwalira iye akadali kubere, ndiye anamutola ndi mayi ake aakulu, a Anesi, kumulera ndi phala la mgaiwa mpaka anamera ndevu. Sukulu anangoilawa ngati mchere. Chimene manja ake anadziwa n'chikombole: kuumba njerwa, kumanga uvuni, kusonkha moto. Tauni ya Lilongwe itayamba kutupa, malole ankabwera okha kudzanyamula njerwa zake, iye n'kugula njinga yamoto ndi jekete lachikopa loti ngakhale dzuwa liswe mtengo osalivula. Mitengo ya kudambo inathera m'mauvuni akewo. Utsi ukati tolotolo, amvekere, "Chitukuko chimenecho!"

Ndiye kunabwera chaka china, mvula n'kuvuta. Mitambo inkabwera ndithu, kuda bii, amayi n'kuthamangira kukanula zovala, kenako kamphepo fyuu, kumwamba mbee. Chimanga chobzala ndi mvula yoyamba chinapsa chisanafike m'mawondo. Paja kuno mvula ikachedwa, oyamba kulozedwa chala ndi oumba njerwa, ati amaimanga kuti njerwa zosawotcha zisasungunuke. Ignatius anali nazo bwalo lonse. Akafika pachigayo, anthu ankasiya nkhani. Tsiku lina pabawo mnzake Noel anamuuza mosabisa: "Achimwene, anyamatatu akupangana zodzagumula uvuni wanu."

Mantha ndi oipa. Ignatius, munthu wamkulu, ndevu pepeya, anatsegula pakamwa: "Ine ayi. Koma kodi amayi anga aja, a Anesi, mukuwaona? Tsiku ndi tsiku ufa uli pamphasa. Dzana ndawamva ndi makutu angawa akuloza kumwamba, ati, iwe usagwe, ufa wanga sunaume."

Mawuwo anawanenadi a Anesi. Nanga ndani sananenepo zimenezo poyanika ufa, eti? Koma anthu anjala safunsa kawiri. Anyamata anapita ndi miyala, kuswa mitsuko, kutaya ufa uja m'fumbi. Ignatius anaima kuseri kwa nkhokwe kuonerera, thukuta kamukamu m'jekete muja. A Anesi sanalire. Anamanga kamtolo kawo, n'kukwera matola kupita kwa mwana wawo Sara ku Nsaru.

Mvula osagwabe.

Kenako mlangizi wa zaulimi, a Ronald, anaitanitsa anthu pansi pa mtengo wa mango kudzakamba za mbewu zocha msanga. Ignatius anakakhala kutsogolo kwenikweni, kufuna kuti amutsuke pagulu. "Alangizi, tawauzani anthuwa, kodi wa njerwa angamange mvula?"

"Palibe munthu amene amamanga mvula," anatero a Ronald.

Ignatius anawomba m'manja yekhayekha.

"Dikirani kaye, bambo, sindinathe. Utsi uja mumauona pamwamba pa tauni m'mawa, wa magalimoto, wa zinyalala ndi matayala otentha, wa makala, wa mauvuni, musamayese kuti umathera m'malere. Ukakwera umasanduka timafumbi tosaoneka ndi maso, timamatana, timakula. Tsono dontho lililonse la mvula limayambira pa kafumbi kotero, chinyezi chimakakamira pamenepo. Timafumbi tikachepa, madontho amanenepa, amalemera, amagwa. Koma tikachulukitsa, zimakhala ngati chigubu chimodzi cha thobwa pamaliro a munthu wotchuka, aliyense kungonyowetsa milomo. Madontho amakhala owonda, mtambo umada koma kugwetsa umachedwa. Sindikuti chilala chino chabwera ndi uvuni wa uje, ayi, zifukwa n'zambiri, zina n'zochokera kutali kwambiri. Koma za kuno ndazimva. Mukandifunsa chimene chimafika kumitambo pakati pa utsi ndi ufa wa pamphasa, ufa sufikako."

Palibe anaseka. Oponya miyala aja anayamba kukanda pansi ndi timitengo. Kuseri kwa mango, uvuni wa Ignatius unali ukufuka bwinobwino, poti anausonkhezera asanabwere. Noel anamugunda ndi chigongono: "Achimwene, muli ndi funso lina?"

Ignatius akanakonda anthu akanamuswera uvuniwo. Koma palibe anamukhudza, poti manyaziwo anali a mudzi wonse, iye n'kuwasenza pamutu pake. Anayenda ngati nkhuku yonyowa, nsima osadya, mpaka mkazi wake anamuuza, "Inu, musatiwondere pano, kawatengeni amayi."

Anapitadi ku Nsaru, shuga ndi chitenje chatsopano atamanga kumbuyo kwa njinga. Anawapeza a Anesi pakhonde akusenda mtedza. Anagwada m'fumbi.

"Amayi, ndinalakwa. Tiyeni kumudzi."

A Anesi anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Sara, tawayalira mphasa alendowa. Kodi bambo, mwati ndinu mwana wa yani?"

"Amayi, ndine Ignatius."

"Ooh. Ine ndinalera mwana wa dzina limenelo, koma uja anali ndi manyazi akaba ndiwo mumphika. Shugayu siyani, ana amwera tiyi. Chitenjecho bwererani nacho, mukafunditse njerwa."

Anabwerera yekha. A Anesi mpaka lero ali ku Nsaru, munda wawo ku Mpingu wamera nansongole, ndipo palibe walimba mtima kuti aulime. Njerwa akuumbabe Ignatius, nanga adya chiyani? Koma pabawo anthu akayamba zoti kodi chaka chino igwa liti, iye amadzuka, ati akukaona mbuzi. Mbuzi alibe.