Chala chotsegulira foni ya azakhali

Madokotala a ku Blantyre atawauza azakhali anga kuti khansa yafalikira ndipo ndi bwino akapumule kunyumba, iwo sanalire. M'minibasi yobwerera ku Nkope nkhawa yawo inali imodzi: tsamba lawo la mchezo pa intaneti.

Azakhali ankagulitsa usipa wouma, ndipo ogula a ku Limbe ndi ku Zomba ankawapeza patsambalo. Chimene chinkawaopsa anachionera kwa mnzawo wa malonda omwewo amene anamwalira kale, tsamba lake n'kutsala lotsegula. Chaka chilichonse linkakumbutsa anthu za tsiku lake lobadwa, iwo n'kumamufunira moyo wautali, ena kuikapo chithunzi cha keke. Wogula wina anafika pomudzudzula kuti wayamba kunyada, sakuyankha mauthenga.

"Ine ndikagona ndigone," anatero azakhali. "Asadzandidyetse keke ndili m'manda."

Ndinawafotokozera kuti eni masambawa amatseka tsamba la womwalira ngati wachibale watumiza chikalata chotsimikiza imfa. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundifunsa kuti ku Nkope ndani adzathamangitse chikalata anthu ali pachisoni. Njira yachidule inali yoti wina adzalowe m'foni mwawo n'kufufuta tsambalo. Koma foniyo inkatseguka ndi chala chawo chachikulu, ndipo kwathu Msilamu akamwalira m'mawa, dzuwa limalowa ataikidwa kale. Chalacho chikanalowa nawo m'manda ine wochokera ku Blantyre ndisanadutse n'komwe pa Liwonde.

Nambala yachinsinsi anakana kuitchula. Anati nambala ukauza munthu mmodzi wauza gombe lonse, pomwe chala sichibwerekedwa. Tinagwirizana zolembetsa m'fonimo chala cha munthu wina. Ana awo onse ali ku Joni, ine ndimakhala kutali. Anasankha mkazi mnzawo wa pamitala.

Ndinadabwa. Mwamuna wawo anamwalira kalekale, ndipo amasiye awiriwa anatsala m'nyumba zoyandikana, kukangana za thandala loyanikapo usipa kunali kwa tsiku ndi tsiku. Azakhali anati n'chifukwa chake: munthuyo sachoka pafupi, komanso m'fonimo mulibe chimene sanachinenepo kale kuchitsime.

Tinawaitana. Foni inakana chala chawo chachikulu. Mamba a nsomba ndi moto wowambira zinali zitafufuta mizere yonse. Inakananso cholozera.

"Pukutani mafutawo, achemwali, foni yanga si mbale."

"Yatengera mwini wake mwano," anayankha mkazi mnzawoyo, akupukuta chala pachitenje.

Tinayesa chala ndi chala mpaka foni inavomera chaching'ono cha kumanzere, chimene eni ake anati sichinagwirepo ntchito chibadwire. Ndinawachenjeza chinthu chimodzi: foni ikangozima, poyakanso imafuna nambala, chala sichithandiza. Azakhali anamva, koma nambalayo sanaitchulebe.

Anamwalira m'mawa wina nyengo ya mwera. Ndinafika anthu atabwerako kumanda. Magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake, ndipo njira yonse ndinkangoganiza za foniyo.

Mkazi mnzawo uja sindinawapeze m'nyumba ya siwa. Anali kuseri, atakhala pafupi ndi batire ya nyali zophera usipa imene anakabwereka kwa asodzi, foni ili pachingwe. Amayi ena ankanong'onezana kuti munthu wamtundu wanji wothamangira batire mnzake akusambitsidwa. Maso a mkazi mnzawoyo anali otupa.

Anatsegula foni ndi kachala kaja. Nditati ndiyambe kufufuta, anandigwira dzanja. Patsambapo panali ogula akufunsa ngati usipa ulipo, ndipo anati si bwino kuwasiya anthuwo m'malere. Ndilembe kaye kuti mwini tsamba watisiya, kenako ndionjeze kuti usipa ukupezeka kunyumba yoyandikana ndi ya malemuwo. Ndinazengereza.

"Lemba iwe. Anandiuza okha kuti akudziwa ndidzatero. Anati mwamuna tinagawana, nanga ogula usipa ndiye avute?"

Ndinalemba. Tinausiya uthengawo kuti ogula auwerenge, batire ya asodzi ili pomwepo, eni ake akuisuzumira chifukwa inkafunika kunyanja. Kenako ndinafufuta tsambalo.

Tsiku lobadwa la azakhali litafika, palibe anawafunira moyo wautali, keke sinaoneke. Masana ake mkazi mnzawo uja anandiimbira. Ogula achuluka, anatero, ndipite ndikawatsegulire tsamba lawolawo. Anaonjeza kuti ndipite nditasamba m'manja bwinobwino, chifukwa chala cholembetsa m'foni mwawo chikhala changa, ndipo uthenga wa imfa yawo ukadzandipeza ndidzakwere minibasi yoyamba.