Kiyi Wanga ndi Kofiya ya Che Likaka

Ntchito ya ku jinale, fakitale ya thonje ku Balaka, ndinaipeza ndi pakamwa pangapa. Ndinachoka kwathu ku Nsanama kukagulitsa nsomba zouma za ku Chiuta pasiteshoni ya sitima, ndiye kapitawo wina anandimva ndikuitanira malonda. Anati munthu wokuwa chonchi akufunika kwawo, chifukwa makina ochotsa njere za thonje akayamba kulira anthu samvana. Anangondifunsa khadi la chipani, paja masiku amenewo wopanda khadi ngakhale mumsika sankalowa. Za sukulu sanafunse, ndipo anachita bwino, poti ine ndinalekeza Sitandade 2.

Ndinayamba ndi kusenza mabelo a thonje, kenako kuthira gilisi m'makina, mpaka ndinakhala woyendetsa makina. Lamba akafuna kuduka ndinkamumva asanaduke. Macheka akatsamwa ndi thonje lonyowa ndinkazimitsa mota, mnzanga Che Likaka n'kukwawira kunsi ndi waya wokowera kukazula thonjelo. Akatuluka ankamenya chitsulo katatu ndi sipanala, ine n'kuyatsa. Zaka zambiri tinagwira choncho, zala zathu zonse zilipo.

Ndiye kunabwera anthu a kampani ina ya ku Blantyre, ndi injiniya wawo a Kachingwe. Akuti ogula thonje akunja sagulanso kwa fakitale yopanda satifiketi yosonyeza kuti makina akuyenda mwa malamulo. Anazula maswichi anga akale, n'kuimika chibokosi chachitsulo chotalika ngati chitseko, cha mabatani ndi tinyale tofiira ndi tobiriwira. Mamota onse anawalumikiza mmenemo, kuti imodzi ikaima, zinzake ziime motsatana. Miyezi iwiri fumbi la thonje tikumeza ife, iwo akuloza ndi pensulo.

Zonsezo ndinapirira. Chimene chinandikwiyitsa ndi loko. A Kachingwe anandipatsa kaloko kofiira, akuti munthu asanalowe kunsi ndizitsitsa swichi yaikulu, ndizikhoma lokoyo, kiyi m'thumba. Ndisanatsegule ndizizungulira makina onse ndi miyendo yanga, n'kuona ndi maso anga kuti mulibe munthu. Kumenya sipanala kuja akuti si lamulo, sikunalembedwe. Ndipo kiyi ameneyo ndisapatse aliyense, ngakhale bwana.

Ndinawauza poyera kuti ine makinawa ndinawadziwa iwo akadali pamsana. Ine ndi ndevu zangazi kuphunzitsidwa kukhoma loko ngati ndikutsekera nkhuku? Iwo osakwiya, amangoti, "Tibwerezenso, achimwene." Tsiku lina tinabwereza kasanu ndi kawiri. Kutsitsa, kukhoma, kuzungulira, kutsegula. Anzanga ankachita kundiseka, akuti Che Saidi akuguba ngati apayoniya.

Insipekitala wopereka satifiketi anati abwera Lachisanu masana. Iye n'kutulukira dzuwa lisanafike pamutu, macheka atangotsamwa kumene. Ndinali nditakhoma loko, Che Likaka analowa, anazula thonje, anatuluka, anamenya sipanala yawo mwa chizolowezi, n'kunena kuti akupita kumpopi kukasamba kuti athamangire mapemphero a Juma kumzikiti. Tonse tinawaona akutuluka. Inenso mtima unali komweko.

A Matewere, manijala wathu, analowa ndi mlendoyo pamodzi ndi a Kachingwe, thukuta lili kamukamu m'jekete. Kupeza makina ali zii, nkhope inasintha. Munthu wabwera kudzaona makina akuyenda, ndiye awapeze atagona? Anatambasula dzanja.

"Iwe, bweretsa kiyi."

Iwe. Pamaso pa mlendo ndi anthu onse osenza mabelo, munthu woti ndikanatha kumubereka n'kunditchula choncho. Ndinayankha kuti kiyi sindipereka, ndiyambe ndazungulira. Iwo anati kuzungulira chiyani, aliyense waona kuti Likaka watuluka. Kenako anatsitsa mawu, n'kundiuza kuti ndikapanda kupereka kiyi pompo, madzulo ano ndibwerera ku nsomba zanga. Ndipo sankanama. Masiku amenewo bwana akakuchotsa kunalibe kokadandaula, ndipo akawonjeza kuti ndiwe wosamvera, nkhani inkatha kufika kwa atcheyamani a chipani. Kunyumba ndinali ndi ana asanu. Ndinayang'ana a Kachingwe, mwini lamulo, kuti andilankhulire. Iwo maso pansi, akuwerenga nsapato zawo.

Pano ndinene zoona, poti ndakalamba. Sindinakane chifukwa chokonda lamulo. Lamulolo ndinkadana nalo. Ndinakana chifukwa cha iwe uja. Ndinati mumtima, si mumafuna kuguba? Lero muona kuguba. Ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono mwadala, kusuzumira paliponse, ngakhale m'malo moti khoswe sangakwane, uku ndikukuwa ndi mawu anga onse kuti kodi muli munthu umu.

Nditafika kuseri kwa makina achitatu ndinaona mapazi awiri, onyowa, opanda nsapato.

Anali Che Likaka. Atasamba anazindikira kuti kofiya yawo inagwera kunsi pozula thonje paja, ndipo munthu wamkulu ngati iwo kukalowa mumzikiti Lachisanu mutu uli pamtunda sakanalola. Anabwerera podzera khomo lakumbuyo osauza munthu. Dzanja lonse mpaka paphewa linali pakati pa macheka, akukowa kofiya. Kukuwa kwanga sanakumve, makutu anali atatha kale ndi phokoso la zaka zonsezo. Ndinawakoka mwendo, anatuluka atagwira kofiya yawo, thonje lili m'ndevu, n'kundifunsa kuti ndikuwakokeranji ngati mbuzi.

Palibe anaseka. A Matewere anakhala pansi pa belo. Insipekitala analemba m'buku lake nthawi yaitali, kenako anandifunsa dzina. Ndinamuuza mokweza kuti asalakwitse. Ndinazunguliranso kachiwiri, ndinatsegula loko, ndinakweza swichi, ndinadina batani lobiriwira.

Satifiketi inabwera patapita milungu ingapo, anaiika m'galasi mu ofesi. Kuwerenga sindidziwa kwenikweni, koma dzina langa ndimalizindikira. Ndinayang'ana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mulibe. Muli la fakitale, ndi siginecha ya a Matewere, munthu amene ankafuna kiyi uja. A Kachingwe nawo anayamba kuuza aliyense kuti dongosolo lawo linapulumutsa munthu ku Balaka. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti sankanama.

Pepani sindinamumve kwa wina aliyense. Koma Lolemba lake a Matewere anaima patali ndi chibokosi chija, manja kumbuyo, n'kufunsa kuti, "Che Saidi, kodi tingayatse?" Ndinawauza kuti adikire, ndiyambe ndazungulira.

Inu amene mukugwira ntchito za makina lero, khutu limanama, sipanala imanama, anthu khumi oona ndi maso amanamanso. Kiyi akhale m'thumba mwanu, mukasuzumire nokha. Che Likaka anamwalira ali nkhalamba, ndipo powasambitsa ndinalipo. Manja onse awiri analipo.