Apongozi Akhala M'maziko

Bambo a nyumba yapangodya sakhulupirira nthaka poiona ndi maso. Akalamba akuyeza malo omangapo milatho, ndipo mpaka lero kabokosi kawo ka batire sakasiya. Amakhoma zitsulo m'dothi, kulumikiza mawaya, n'kutumiza magetsi pansi. Mmene magetsiwo akuyendera, iwo amadziwa pali mwala, madzi kapena mphako. Ana awo amati ngakhale pobzala duwa amayamba ayeza.

Mkamwini wawo atakumba maziko a nyumba, bambowa anatulukira ndi mawaya osaitanidwa. Anayeza, n'kubwerezanso, nkhope ikugwa.

"Akamwini, pansi pa chipinda cha adzukulu anga pali mphako. Sunthani nyumbayi."

"Apongozi, simenti yafika kale. Mwina kamakinaka katopa," anayankha mkamwiniyo akuyang'ana kumbali.

Bambowa sanakangane. Anatsikira m'ngalande ya maziko ndi mpando, n'kukhala. "Konkireyo muthire pa ine."

Amisiri anangoima, mafosholo ali m'manja. Mwana wamkazi wa bambowa anachonderera kuti akumuchititsa manyazi kwa mwamuna wake. Mawuwo anawalasa, koma sanasunthe, dzuwa likuswa mtengo.

Atatopa, mkamwini anaitanitsa makina oboola nthaka kuti nkhani ithe. Chitsulo chinalowa movutikira, kenako chinangomira chokha, chopanda chochigwira. Pansipo panalidi mphako.

Bambowa anadzuka atagwira msana, n'kumugwira mkamwini paphewa.

"Tengani chingwe choyezera maziko, mwananga. Kumtunda kuja kuli mwala. Tikumbe mvula isanatipeze."