Uthenga wa Moto Umene Sunafike ku Galaja

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mlamu wanga, amene ankayendetsa lole yonyamula matabwa. Iye ndiye anamva kuti kampani ina yaing'ono ya nkhalango ya paini, cha kufupi ndi Chikangawa, ikufuna munthu wodziwa kompyuta. Anzanga a kukoleji ankakana, ati n'kutali komanso kumazizira. Ine ndinali nditatha miyezi isanu ndi iwiri kwathu ku Dedza ndikukumba mbatatesi, choncho kuzizira sikunali nkhani. Mafunso anachitikira ku Mzimba boma. Anayamba andifunsa khadi la chipani, kenako satifiketi, kenako ngati ndimadziwa chinenero cha kompyuta chotchedwa C. Zonse zitatu ndinayankha kuti eya, ngakhale pa chachitatucho ndinathirako mchere pang'ono.

Zinali zaka zomalizira za chipani chimodzi, ndipo kompyuta pakampanipo inali imodzi yokha, yaikulu ngati firiji. Kuchokera pamenepo mawaya ankapita ku masikirini anayi: m'chipinda cha wailesi, kumacheka, kusitolo ya zipangizo ndi m'kachipinda kathu. Waya wina wautali unkatsetsereka mpaka ku galaja, kumunsi kwa chitunda, kumene kunali pulinta. Kugalajako n'kumene kunkakhala madalaivala ndi gulu lozimitsa moto. Telefoni ya pakati pa ofesi ndi galaja inali itaombedwa ndi mphezi kalekale, ndipo palibe amene anavutika kuikonza, poti kompyuta inkagwira ntchito yake.

Bwana wanga anali a Jere, bambo wa ku Edingeni amene poyamba ankakonza makina a telekisi, kenako n'kudziphunzitsa okha kulemba mapulogalamu. Tsiku loyamba anandikhazika pansi n'kundifotokozera chimene ndinabwerera. Mapulogalamu a m'kompyutamo sankalankhulana okha mwachindunji. Pakati pawo panali pulogalamu ina imene tinkaitcha positi. Pulogalamu ya kusitolo ikafuna kuuza ya pulinta kuti isindikize pempho la matayala, inkaika uthengawo m'bokosi la positi, ndipo ya pulinta inkabwera kudzautenga. Bokosilo linali kachigawo ka memore kokhala ndi malo makumi atatu ndi awiri. Poika kapena potenga uthenga, pulogalamu inkayamba yatseka loko kuti inzake isalowe nthawi yomweyo, ikamaliza n'kutsekula. Ntchito yanga inali kusamalira positiyo, kuwerenga logi, kaundula wa mauthenga odutsa m'bokosimo, m'mawa uliwonse, kukopera zonse pa tepi Lachisanu, ndi kukonza pamene pavuta.

Ndinali ndi matama, ndisaname. Khodi ya a Jere inkandinyansa. Munalibe ndemanga ngakhale imodzi yofotokoza kuti mzere uwu ukuchita chiyani, ndipo mafankishoni awo, tizigawo ta pulogalamu togwira ntchito imodziimodzi, anawatcha mayina a ng'ombe zawo. Otumizira uthenga analipo atatu: Bulaki, Fulawa ndi Sitima. Bulaki ankatumikira kusitolo, Fulawa kumacheka, Sitima kuwailesi. Onse atatu anali ofanana ngati mapasa, aliyense masamba awiri ukasindikiza. Kukoleji anatiphunzitsa kuti kubwereza khodi ndi ulesi, ndipo ine ndinkayang'ana ng'ombe zitatuzo manja akundiyabwa.

Munthu amene anandilandira bwino kuposa onse anali a NyaMoyo a m'chipinda cha wailesi. Anali mayi wamasiye wa ana atatu, wokhala m'nyumba ya kampani. Tsiku lonse ankamvetsera wailesi yolankhulirana ya ovaova, kulandira mauthenga a alonda a pansanja zoonera moto ndi a makapitawo a m'nkhalango, n'kuwatayipa kuti apite ku galaja. Ankatayipa ndi zala ziwiri, ndipo uthenga uliwonse ankauwerenga kawiri asanadinde batani. Pa teni koloko ankandiitana kudzamwa tiyi n'kumaseka Chitumbuka changa, amati ndimalankhula ngati ndikutafuna chimanga chokazinga.

Nditatha miyezi isanu, bambo awo a a Jere anadwala kwambiri, ndipo a Jere anatenga tchuthi cha mwezi wathunthu. Akunyamuka anandiuza kuti, "Ada Mbewe, chimene chikuyenda muchisiye chiyende. Mbwenu." Ndinayankha kuti yewo. Lolemba lake ndinatsekula fayilo ya positi.

Ndinawerenga Bulaki mzere ndi mzere. Ndinawerenga Fulawa, n'kuona kuti ndi yemweyo. Sitima ndinangomuyendetsa maso pamwamba, tsamba loyamba lokha, n'kunena kuti nayenso ndi yemweyo. Ndiye ndinalemba fankishoni imodzi yaukhondo, ya ndemanga zake bwinobwino, n'kufufuta ng'ombe zonse zitatu. Ndinaiyesa potumiza uthenga kuchokera pasikirini iliyonse, ndipo yonse inatuluka ku galaja. Masamba asanu ndi limodzi anasanduka awiri. Sabata imeneyo ndinkayenda ngati ndagula galimoto.

Safunsa anadya phula. Bokosi likadzaza, Bulaki ndi Fulawa ankabweza yankho lakuti zakanika, ndipo mapulogalamu a kusitolo ndi kumacheka ankaliona yankholo n'kuuza kalaliki kuti ayesenso. Sitima anali wina. Pa tsamba lake lachiwiri panali mizere isanu ndi umodzi imene sindinaiwerenge: bokosi likadzaza, iye ankachotsa uthenga umodzi wa kusitolo n'kuikapo wa kuwailesi, kenako n'kuliza belu pasikirini mpaka pulinta itautenga. Sitima sankalephera, choncho pulogalamu ya kuwailesi sinkayang'ana n'komwe yankho lake. Inkangolemba kuti uthenga wapita. Fankishoni yanga yatsopano inatengera Bulaki.

Milungu iwiri inadutsa popanda vuto. Kenako linafika tsiku lina la Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mphepo ikuomba kuchokera kum'mawa. Kuyambira m'mawa kalaliki wa kusitolo ankatumiza mapempho a zipangizo, ndipo ku galaja pepala linali litakodwa m'pulinta popanda woona, poti madalaivala anali panja pa bawo. Bokosi linadzaza. Cha kumasana mlonda wa pansanja anaona utsi m'chigawo cha mitengo yaing'ono. A NyaMoyo anatayipa, anawerenga kawiri, anadinda batani, ndipo sikirini inawauza kuti uthenga wapita. Anapitiriza kulankhula ndi mlondayo, akudziwa kuti lole yamadzi ili m'njira.

Mlonda atafunsa kachitatu kuti anthu ali kuti, a NyaMoyo anavula nsapato n'kuthamanga okha kutsetsereka chitunda. Ndinawaona akudutsa pawindo langa chitenje chili m'manja. Lole inanyamuka patatha pafupifupi ola, moto utalumpha kale msewu woutchinga. Tonse tinapita, akalaliki ndi ophika omwe, tikumenya moto ndi nthambi zaziwisi. Unazima tsiku lotsatira. Palibe anafa, koma mitengo ya zaka zisanu ndi ziwiri inatsala zitsa zakuda kuchokera pamsewu mpaka kumtsinje.

Patatha masiku atatu, a manijala anandiuza kuti ndisindikize logi ya tsiku la moto. Ndikuiwerenga ndinaona mauthenga a kusitolo makumi atatu ndi awiri atandondozana, onse atasindikizidwa nthawi imodzi pamene munthu wina anakonza pepala lija. Wa moto munalibe, chifukwa logi inkalemba uthenga wokhawo umene walowa m'bokosi. Ndinatenga tepi ya Lachisanu lakale, ndinabwezeretsa fayilo ya a Jere pambali, n'kusindikiza Sitima. Mizere isanu ndi umodzi ija inali pomwepo, ikundiyang'ana.

Masana ake anandiitana ku ofesi. Munali a manijala, a NyaMoyo atakhala pampando wa pakona, ndi amuna awiri ochokera ku boma, osavala yunifolomu. Masiku amenewo moto wa nkhalango sunali moto chabe. Panali kale manong'onong'o akuti pali anthu oukira amene akuwononga chitukuko dala, ndipo tonse tinkadziwa kuti munthu wonenedwa zotere akakwera Landirova ya apolisi, tsiku lobwerera silidziwika. A NyaMoyo anali atanena kale kuti anatumiza uthenga ndipo sikirini inavomera. Mmodzi wa amuna aja anatembenuza logi ija, n'kundifunsa mofatsa.

"Achimwene, inu ndinu katswiri pano. Kodi makinawa angataye uthenga?"

Ndinaganiza za fayilo imene ndinasintha popanda chilolezo, bwana wanga atandiletsa, milungu iwiri moto usanabuke. Ndinaona mmene zikanamvekera m'makutu mwa anthu amenewo.

"Ayi bwana," ndinatero. "Makina sataya uthenga."

A NyaMoyo sanakuwe kapena kunditsutsa. Anangoyang'ana manja awo. Amuna aja anapita nawo ku boma madzulo omwewo, ndipo ine ndinabwerera m'kachipinda kathu kukabwezeretsa ng'ombe zitatu zija m'malo mwake. A NyaMoyo anawasunga kumeneko milungu iwiri. Atatuluka anapeza kalata yowachotsa ntchito chifukwa cha kusasamala, ndi masiku atatu oti atuluke m'nyumba ya kampani. Ndinamva kuti katundu wawo anakwera lole ya matabwa. Sindinapite kukatsanzika, ndinati ndikudwala malungo.

A Jere atabwera, sizinawatengere ngakhale ola. Fayilo iliyonse imasunga tsiku limene yasinthidwa, ndipo la positi linali la masiku atatu pambuyo pa moto. Anatseka chitseko n'kundifunsa ngati ndinamukhudza Sitima. Ndinawauza zonse, ndikulira ngati mwana. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anangoti, "Ine ndikakanena, adzati a kumpoto tikubisana, ndipo adzanditenga pamodzi ndi mayiyo. Inu ndinu wa ku Dedza, akhoza kukumverani. Nkhaniyi ili m'manja mwanu, ada."

Kalata yopita kwa a manijala ndinailemba katatu. Katatu konse ndinaiponya mumbaula. Ndinkadziuza kuti ndidikire zinthu zizizire, kenako kuti nthawi yapita kale, kenako kuti ngakhale nditanena a NyaMoyo sangawabwezere ntchito. Zonsezo zinali mantha basi. A Jere sanayambitsenso nkhaniyo. Tinagwira ntchito limodzi chaka china, tikupatsana moni mwaulemu, koma tiyi sitinamwerenso pamodzi. Nditapeza ntchito ku Lilongwe ndinachoka ngati wothawa.

Mlandu suola. Patapita zaka zambiri, dziko litasintha ndipo ine ndili ndi imvi zoyamba, ntchito inandipititsa ku Mzimba boma. Ndinafunsafunsa za a NyaMoyo, ndipo wakabaza wina anandisiya pa msika, pamzere wa ogulitsa kaunjika. A NyaMoyo anali atakhala kuseri kwa mulu wa majuzi. Anandizindikira ndisanalankhule, anandipatsa kampando, n'kufunsa za kunyumba ngati kuti tinasiyana dzulo. Anandiuza kuti mwana wawo woyamba anasiyira sukulu panjira chaka cha moto chija ndipo tsopano amacheka matabwa, koma ena awiriwo anayesetsa.

Ndinawafotokozera pang'onopang'ono, kuyambira pa bokosi lodzaza mpaka pa mizere imene sindinaiwerenge. Ndinawauza kuti uthenga anautumiza, kuti anachita zonse molondola, kuti ndine ndinautaya, ndipo kuti tsiku lija mu ofesi ndinali ndikudziwa kale. Ndinkayembekeza kuti andilalatira pamaso pa msika wonse, ndipo ndinali wokonzeka. Iwo anatenga juzi imodzi n'kuipinda, kuifunyulula, kuipindanso.

"Ndiye kuti ndinadinda batani lija," anatero.

Ndinati eya, munadinda.

"Inu mutanena kuti makina sataya uthenga, ine ndinakukhulupirirani, ada Mbewe. Munali munthu wophunzira chomene. Ndinati mwina ndi mantha a moto ndinangoona ngati ndadinda. Zaka zonsezi ndakhala ndikupempha Mulungu kuti andikhululukire chifukwa chootcha nkhalango."

Ndinapepesa, iwo anati amva, ndipo kasitomala atafika anatembenuka kukamuthandiza. Sananene kuti andikhululukira, ndipo ine ndinalibe nkhope yopemphera.

Ndagwira ntchito ya mapulogalamu otumizirana mauthenga moyo wanga wonse. Ndikapeza khodi ziwiri zooneka zofanana, ndimazisindikiza n'kuziyala pambali, pensulo m'manja, mpaka mzere womaliza, ndipo pamene zasiyana sindichotsa ndisanapeze chifukwa chake. Ndimayesa bokosi litadzaza, pulinta itazima, waya utazuka. Pulogalamu yanga siuza munthu kuti uthenga wapita wolandira asanavomere kuti waulandira. Zimenezi n'zosavuta, aliyense angaziphunzire. Chovuta ndi chakuti chinthu chikasokonekera ndipo anthu ayamba kuyang'ana kalaliki amene anali pasikirini, ndimayenera kuimirira msanga, asanandifunse, n'kunena zimene ndinasintha ndi tsiku limene ndinazisintha. Ndimadziwa kuti ndikachedwa pang'ono, kalalikiyo ayamba kukhulupirira kuti wolakwa ndi iyeyo.